Funso Limene Sulieti Sanamasulire

Sulieti ankanyadira chinthu chimodzi: mlongo wake Penisimani sanapiteko kuchipatala yekha ndi tsiku limodzi lomwe. Chingerezi cha Peni chinali cha m'munda wa mphesa, chongokwanira kukangana ndi kapitawo ndi kugula fodya. Cha Sulieti chinali cha mafomu, pakuti anagwira ntchito zaka makumi awiri kunyumba yosamalira okalamba ku Robinvale konkuno. Choncho msana utayamba kumuvuta Peni, wotenga makiyi a galimoto anali Sulieti, ndipo womasulira kwa dokotala anali yemweyo.

Peni ndiye anali wamkulu, zaka zake zikuyandikira makumi asanu ndi limodzi. Chimwalirireni mkazi wake, ankakhala m'kalavani kuseri kwa nyumba ya Sulieti. M'nyumbamo chipinda chinalipo chopanda munthu, koma mwamuna wa ku Tonga sagona denga limodzi ndi mlongo wake. Zovala ankachapa yekha n'kukayanika kuseri kwa shedi, kumene maso a Sulieti sankafika. Pa TV pakangooneka anthu akupsompsonana, Peni ankakumbukira mwadzidzidzi kuti sanathirire tomato. Sulieti naye, zaka zisanu ndi zinayi zonsezo, phazi lake silinapondemo m'kalavanimo. Mbale ankaisiya patebulo la pakhonde n'kuitana kamodzi. Kutchalitchi amayi ankalozera ana awo: "Mwawaona ana a malemu Sekope? Ulemu ndi umenewo, osati zanuzi zomavula malaya pamaso pa alongo anu."

Ulendo woyamba unali mu Febuluwale, mphesa zili pachimake, dzuwa likuotcha ngati lakwiya ndi munthu. Dokotala wa pakiliniki anamupinda Peni uku ndi uku, n'kumudina m'nthiti. Kenako anatembenukira kwa Sulieti.

"Afunseni ngati akukodza bwino. Sakuona magazi mumkodzo? Sakumva kuwawa potaya madzi?"

 Sulieti anasintha matewera a madala a eni ake zaka makumi awiri osatsinzina diso. Koma uyu sanali mdala wa eni ake. Anayang'ana chikwama chake n'kunena m'chilankhulo chawo, "Achimwene, akufunsa ngati kwinaku kuli bwino."

Peni anayang'ana khoma. "Kuli bwino."

"Akuti palibe vuto," anatero Sulieti kwa dokotala.

Anatuluka ndi mapilitsi a msana ndi pepala loti apume sabata. Peni anapuma masiku awiri. Mu Meyi anabwereranso, funso lomwelo, yankho lomwelo. Mu Julayi anapeza dokotala wina, wogwirizira, amene anafunsa mothamanga maso ali pakompyuta. Sulieti anamasuliranso chimodzimodzi. Dokotalayo anapereka kabotolo koti abweretse mkodzo mawa lake. Sulieti anakakulunga m'pepala n'kukasiya patebulo la pakhonde pambali pa mbale, osanena kanthu. Kabotolo sikanabwerere, ndipo iye sanafunse. Mumtima mwake sankadziona ngati wanama. Ankati munthu wothyola mphesa zaka makumi atatu atawerama, msana ulekerenji kuwawa? Ndipo ngati kukanakhala china, Peni akanauza mlamu wake Lopeti, amuna okhaokha.

Lopeti, mwamuna wa Sulieti, ankayendetsa thirakitala m'munda womwewo. Anali munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. Lamlungu lililonse, pa nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba a koko, ankamunyogodola Peni.

"Alamu, idyani. Mwaonda ngati mwayamba chibwenzi."

"Chibwenzi changa ndi msana," ankayankha Peni. "Sundisiya ngakhale pa Sabata."

"Lopeti, pakamwa," ankatero Sulieti, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Mu Ogasiti, nyengo yotengulira, chisanu chili mbuu pamizere, Peni anagwa. Anasanza, miyendo itatupa mpaka nsapato kukana kuvuka. Ambulansi inamutengera kuchipatala chachikulu ku Mildura. Kumeneko anapeza impso zonse ziwiri zitafufuma chifukwa madzi sankatsika. Anamulowetsa kuchipinda cha opaleshoni, n'kumuika timachubu m'kati totsegula njira, n'kusuzumiranso m'chikhodzodzo ndi kamera.

Dokotala wake anali bambo wa imvi, Petrakis. Anamupeza Sulieti pakhonde la wodi, Peni adakali m'tulo ta mankhwala.

"Chotupa sindinachione," anatero. "Koma khoma la chikhodzodzo lakhuthala, lauma ngati chikopa. Sizinandisangalatse. Ndatapako tinyama, tikayeze."

Pa mawu onsewo Sulieti anatolapo awiri oyambirira. Anaimbira akazi a m'kwaya ali pamalo oimika magalimoto. "Chotupa palibe!" Lamlungu abusa anayamika Mulungu kutsogolo, ndipo Sulieti anaphika zilazi mphika wathunthu, anthu anadya mpaka kumasula malamba. Peni anatuluka m'chipatala patapita masiku anayi, wofooka koma akuyenda.

Zotsatira anati zitenga masiku asanu. Zinatenga khumi ndi awiri. Sulieti anaimba kawiri kukalipira mlembi. "Kanyama kochepa ngati njere ya mpunga, mukukaphika kapena?" Tsiku lachikhumi ndi chiwiri mlembi ndiye anaimba yekha, n'kunena kuti abwere Lachinayi, teni koloko m'mawa.

Atakhala pansi, Dokotala Petrakis anakoka foni ya patebulo n'kuiika pakati pawo.

"Lero atimasulira ndi munthu wa pafoni," anatero. "Nkhani ngati iyi sitisenzetsa wachibale."

"Ndamasulira ine chaka chonse," anatero Sulieti. "Palibe anadandaulapo."

"Ndikudziwa, mayi. Lero mungokhala mlongo."

Mufoni munamveka mawu a bambo wachikulire, kalankhulidwe ka ku Vava'u, chilumba china cha ku Tonga. Anapereka moni mwaulemu n'kufunsa amene ali m'chipindamo.

"Penisimani, wodwalayo. Ndi ine Sulieti, mlongo wawo."



"Mayi, mundikhululukire," anatero mawuwo. "Ine ntchito yanga ndi kunena zonse, sindidumpha liwu. Ndipo mawu a dokotala wa mbali imeneyi si oti mlongo amve ali maso ndi maso ndi mlongo wake. Mwina mukanadikira panja."

"Masulirani, bambo. Ulaliki ndinamva Lamlungu."

Dokotala anapinda manja patebulo. "Bambo Penisimani, tapeza khansa. Ili m'chikhodzodzo."

Apa ndi pamene Sulieti anazindikira tsoka la kumva zilankhulo ziwiri. Mawuwo anamugunda iye poyamba. Peni anali chikhalire, chipewa pabondo, nkhope ili phee, akudikira kuti auzidwe. Kwa kamphindi kameneko Sulieti ankadziwa, mlongo wake asakudziwa. Kenako mawu a mufoni anayamba, pang'onopang'ono, ndipo anaona chipewa chikutsetsereka pabondo n'kugwa pansi. Palibe anachitola.

"Koma munati chotupa palibe!" anatero Sulieti. Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene anafunira.

"Ndinati sindinachione. Ndipo ndi pamene pali vuto." Dokotala anatenga pepala n'kujambula chinthu chonga chibaluni. "Khansa ya chikhodzodzo imene timaiona masiku onse imamera m'katimu ngati bowa. Kamera imaiona, timaipala, ambiri amakhala zaka. Iyi ndi ina. Ndi yosowa kwambiri. Zaka makumi atatu ndili pantchito, uyu ndi munthu wachitatu."

Anadikira womasulira, n'kupitiriza.

"Tizidutswa take sitigwirana kuti tipange chotupa. Timayenda patokhapatokha m'kati mwa khoma, ngati chinyezi m'njerwa. Kunja penti ili bwinobwino, m'kati mwatha. Ndi chifukwa chake zotsatira zinachedwa. Oyeza atatiyang'ana pamakina, tinkafanana ndi tizidutswa ta m'mafuta a m'mafupa, moti poyamba anaganizira matenda a magazi. Anachita kutumiza ku Melbourne kuti akatsimikize. Dzina lake ndi ili."

Analemba pansi pa chibaluni chija: plasmacytoid. Sulieti analiyang'ana liwulo. Iye amene ankawerenga fomu iliyonse, anayesa kulitchula mumtima, lilime linakana.

"Ndi yaukali," anatero dokotala. "Imathamanga. Yafika kale pamitsempha yochokera ku impso, ndi imene inatseka njira. Ndipo sindikubisirani: zithunzi za makina nthawi zambiri zimaonetsa zochepa kuposa zimene zilipo."

Mawu a mufoni ananena zonsezo, osadumpha, monga analonjezera. Peni ankangogwedeza mutu ngati akumva malangizo a kapitawo.

"Tsopano ndifunse," anatero dokotala, akuyang'ana Peni. "Magazi mumkodzo munayamba kuwaona liti?"

"Magazi kulibe," anayankha Sulieti msanga. "Anafunsidwa katatu kukiliniki."

"Ndikufunsa iwowo, mayi."

Womasulira analinena funsolo lonse, liwu ndi liwu, mawu amene Sulieti sanawamvepo akutchulidwa pamaso pa mlongo wake chibadwireni.  Peni anayang'ana pansi, pa chipewa chija. 

"Achemwali," anatero Peni motsitsa, "galimoto ija munakiya?"

Galimoto anali atakiya, ndipo onse awiri ankadziwa. Sulieti anaimirira, n'kutenga chikwama, n'kutuluka. Chitseko anachikoka, koma sanachitseke chonse. Anaima pomwepo, msana kukhoma.

"Isitala ya chaka chatha," anamva Peni akunena. "Ankabwera, n'kusiya, n'kubweranso. Chaka chino sanasiye."

"Kukiliniki munawauza?"

"Sanandifunse. Ankangofunsa ngati kwina kuli bwino." Anapuma. "Ndipo ngakhale akanafunsa, achemwali anali pomwepo."

Sulieti anawerenga ndi zala. Kuchokera Isitala ya chaka chatha, miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi. Kuchokera Febuluwale, tsiku limene anayang'ana chikwama chake m'malo monena funso, miyezi isanu ndi umodzi. Anawerenganso, ngati zala zingasinthe maganizo. Namwino wina akudutsa ndi ngolo anamufunsa ngati akufuna madzi. Sulieti anangopukusa mutu.

Patapita nthawi dokotala anatsegula chitseko n'kumuitana. Peni anali atatola chipewa.

"Andilola kuti ndikuuzeni," anatero dokotala. Anafotokoza mwachidule. Impso zikangolimba pang'ono, ayambe mankhwala amphamvu a m'mitsempha. Akagwira, achotse chikhodzodzo chonse ku Melbourne, ndipo mkodzo uzituluka pamimba n'kumagwera m'kathumba. Pa nthawi yonseyo pafunika munthu kunyumba woyang'anira tsiku ndi tsiku: kutentha thupi, kuchuluka kwa mkodzo, mtundu wake. "Lonjezo loti achira ndilibe. Koma njira ilipo, ndipo ndi yokhayi. Iwo akuti sakufuna. Akuti abwerera kwawo ku Ha'apai, kuzilumba za Tonga."

Sulieti anayang'ana Peni. Peni anayang'ana zenera.

"Lolemba ndikufuna yankho," anatero dokotala. "Matenda awa sadikira munthu."

Peni atatsogola kutuluka, Sulieti anatsalira pakhomo. "Adokotala, ikanapezeka mu Febuluwale?"

Dokotala anavula magalasi. "Sindikudziwa, mayi. Mtundu uwu nthawi zambiri timaupeza utapita kale patali, ngakhale munthu abwere msanga. Koma miyezi isanu ndi umodzi si yochepa. Ndikanena kuti ndi yochepa ndikunamizani."

Msewu wobwerera ndi wa ola lathunthu.  Minda ya mphesa inali mbali zonse, mitengo ili mbulanda, yotengulidwa. Pafupi ndi mlatho Peni anati, "Mwayendetsa bwino," ndipo atafika analunjika kukalavani n'kutseka chitseko.

Lopeti anali pabwalo, akulimbana ndi makina otchetchera udzu, manja ali bii ndi oyilo.

"Mayi wa mafomu wabwera! Akuti bwanji azungu? Amupatsa msana watsopano?"

"Khansa," anatero Sulieti. "Ya chikhodzodzo. Yoopsa."

Sipanala inagwa m'manja mwa Lopeti. Anakhala pansi pa udzu pomwepo, thupi lonselo.

"Wakhala akutaya magazi kuyambira Isitala ya chaka chatha," anatero Sulieti. Kwa mwamuna wake mawuwo anatuluka movutikira, koma anatuluka.

Lopeti sanadzidzimuke. Anangoyang'ana manja ake. Sulieti anamuyang'anitsitsa.

"Unkadziwa."

"Suli..."

"Lopeti, unkadziwa?"

"Gulu lonse linkadziwa," anatero Lopeti, mawu ali pansi. "Kumunda chimbudzi chili kutali, timangoima kumapeto kwa mzere. Aliyense anaona. Tinkamuseka. Tinkati alamu adya mphesa zofiira zambiri, ayamba kutcheza vinyo okha. Wina anati timuike mpopi tizigulitsa. Iye ankaseka nafe."

"Amuna khumi ndi awiri. Akuluakulu a mpingo. Chaka ndi miyezi inayi mukuseka."

"Ndinamuuza kuti apite kuchipatala! Anati akupita kale. Ndipo ankapitadi, si iwe unkamutenga? Ine ndinkati adokotala akudziwa, mapilitsi aja ndi a zomwezo."

"Bwanji sunandiuze ine?"

Lopeti anakweza mutu, akudabwa zenizeni. "Ndikuuze iwe? Za kukodza kwa mlongo wako? Wayiwala chaka chija ndinangonena kuti buluku la Peni lang'ambika kumbuyo? Masiku atatu osandilankhula. Ndinadya buledi wouma ngati wandende."

Zinali zoona. Sulieti anafuna kumukalipira, koma mawu okalipira anasowa pogwira. Amuna ankati mlongo akudziwa. Mlongo ankati amuna akudziwa. Dokotala ankafunsa, funso n'kumafera m'kamwa mwa Sulieti. Tauni yonse ya anthu aulemu, aliyense atatseka pakamwa mwaulemu, ndipo chinthucho chikuyenda m'khoma.

"Akuti abwerera ku Ha'apai," anatero.

"Kukatani? Kuchilumba kuja kuli chiyani, panado?"

"Kukafa, Lopeti. Ukufuna ndikulembere?"

Lopeti anapukuta maso ndi mkono, n'kudzipaka oyilo pamphumi. "Ndikalankhule naye ine. Amuna okhaokha."

"Amuna okhaokha mwalankhula chaka ndi miyezi inayi. Khala pomwepo."

Anasiya chikwama pa makina aja n'kuzungulira nyumba. Kuchokera pakhonde kufika pakalavani ndi mapazi makumi awiri. Anagogoda kamodzi, ndipo sanadikire.

M'katimo munali mwaudongo kuposa mmene ankaganizira. Chithunzi cha malemu mkazi wake chinali pamwamba pa kawailesi. Pabedi panali sutikesi yotsegula, m'kati muli malaya oyera a kutchalitchi ndi mkeka wake womanga m'chiuno, wopindidwa bwino. Pakona panali ndowa ya pulasitiki yovundikira, ndipo pashelefu, kabotolo kaja ka mu Julayi, kadakali m'pepala lake.

Peni anadzambatuka ngati walowa ndi njoka. "Achemwali! Muno ayi. Tikalankhule panja."

Sulieti anaima pakhomo, ndipo khomo la kalavani ndi la munthu mmodzi. "Khalani pansi, achimwene."

"Anthu aona."

"Anthu ake ndi Lopeti, ndipo akulira pa udzu. Khalani."

Peni anakhala m'mphepete mwa bedi, atatembenukira kumbali.

"Sutikesiyi ndi ya kuti?"

"Mwamva kale."

"Ndikufuna ndimve kwa inu."

"Kwathu. Ndikagone pafupi ndi amayi." Anasisita bondo. "Mwamumva dokotala. Ngakhale iye sakulonjeza. Andidule, andipachike thumba pamimba ngati ng'ombe ya belu, ndiye thumbalo aziliona ndani? Ana ali ku Auckland ndi mabanja awo. Lopeti akaona magazi a nkhuku amakomoka. Mutsala inu. Ine bola ndife kawiri, achemwali, koma zimenezo ayi."

"Ndasamala madala a eni ake zaka makumi awiri."

"A eni ake."

"Funso lija anakufunsani katatu," anatero Sulieti. "Mu Febuluwale, mu Meyi, mu Julayi. Dokotala ankafunsa lonse. Ndinalidula ndine."

Peni sanatembenuke. "Ndinkadziwa. Liwu loti magazi ndimalimva m'Chingerezi, sindine mwana. Munachita bwino. Munandisungira ulemu."

"Ndinakusungirani ulemu!" Sulieti anamenya chitseko ndi chikhatho, kalavani yonse inagwedezeka. "Ulemuwo ndi uwu uli m'sutikesiwu? Malaya oti akakuvekeni m'bokosi?"

 Panja Lopeti anali atafika pangodya ya nyumba, chipewa m'manja, osayandikira.

Sulieti anapuma kawiri. Kulira sikunali m'gulu la ntchito za tsikulo.

"Achimwene, mwana wanu woyamba anamutcha dzina ndani?"

"Inu."

"Pa ukwati wake, anakhala pamkeka wapamwamba ndani? Keke yoyamba anapatsa ndani?"

"Inu. Ndinu mlongo wa bambo ake."

"Amayi ankati chiyani, mlongo akalamula?"

 "Ankati mwamuna sayankha."

"Zaka zonsezi ndakulamulanipo chiyani? Ndinakupemphanipo nkhumba? Ndinakutumanipo ngakhale kusitolo?"

"Ayi."

"Ndiye lero ndikulamula. Mwambo womwewo umene watitseka pakamwa, lero undigwirire ntchito. Lolemba mukauza dokotala kuti mwavomera. Mankhwalawo mulandira. Akati Melbourne, tipita ku Melbourne. Zikakanika, ndidzakuperekezani ndekha ku Ha'apai, ndipo sutikesiyi ndidzalongedza ine. Koma osati lero."

"Achemwali, zimenezo si..."

"Mwamuna sayankha."

Peni anatseka pakamwa. Mapewa ake anagwa. Anatembenuka kwathunthu, nkhope kuzenera, msana kwa mlongo wake.

Sulieti anagwira m'mphepete mwa chitseko. Chotsatiracho chinali chovuta kuposa kulamula. Anayang'ana chithunzi cha mlamu wake, n'kuyang'ana denga, kenako analunjika maso pa msana wa Peni, pamene malaya ankalendewera ngati apachikidwa pamsomali.

"Tsopano ndikumasulira," anatero. "Dokotala akufunsa: mukukodza bwino? Muli magazi mumkodzo? Mukumva kuwawa?"

Mawuwo anamveka aakulu m'kanyumba kakang'onoko. Denga silinagwe. Khosi la Peni linada ndi manyazi mpaka m'makutu.

"Muli magazi," anatero kuzenera. "Lero m'mawa munali timibulu. Kuwawa kulipo, kumunsi kuno ndi kumsana."

"Kangati pa tsiku?"

"Sindiwerenga. Pafupipafupi. Pang'onopang'ono."

"Kuyambira lero muziwerenga. Ndizifunsa m'mawa uliwonse. Mukhoza kumayankha mutayang'ana kuzenera, zimenezo ndi zanu."

Anapita pakona n'kuvundukula ndowa ija. Peni anamva chivundikiro, n'kubisa nkhope m'manja. Sulieti anayang'ana. Pa ntchito yake anaona zambiri, koma izi zinali ngati madzi otsukira nyama, ndipo zinali za mwana wa amayi ake. Anaima chiimire, chivundikiro m'dzanja, nthawi yaitali kuposa imene inkafunika.

"Amayi akanaona zimenezi..." anatero Peni m'manja mwake.

"Amayi anakusinthani matewera mpaka zaka zitatu, ankatiuza tonse. Chotsani mkekawo m'sutikesi. Ikanimo majuzi, ku Melbourne kumazizira."

Ananyamula ndowa n'kutsika nayo masitepe awiri a kalavani. Lopeti anathamangira kuti amulandire, n'kusuzumiramo, nkhope yake n'kuyera.

"Vinyo wanu uja ndi ameneyu," anatero Sulieti. "Suntha, ungandikomokere panjira. Kapeze nambala ya dokotala m'chikwama changa. Lolemba ndi kutali, ndimuimbira lero."